Mmene Golide Adapezera Ntchito Yatsopano

Kwa zaka zambiri, amuna ochokera ku Malawi, kummawa kwa Zambia ndi ku Tete ankasiya makasu awo n'kupita kukafuna ntchito kutali. Ena adakhazikika m'mafamu a fodya a ku Zimbabwe, pomwe ena adapitirira mpaka ku Joni, kumene golide adapezeka m'chaka cha 1886. Kumeneko ankalowa pansi pa nthaka kukaphwanya miyala, ndipo golide wotuluka m'miyalayo ankamusula mphete ndi ndalama, kapena kungomutsekera m'mabanki.

Anthu amakonda golide chifukwa sachita dzimbiri. Khasu likagonera pamvula limafiira, koma mphete ya golide ikhoza kukhala m'dothi zaka mazanamazana osasintha. Chifukwa cha khalidwe lomweli, akatswiri a sayansi ankamuyesa chitsulo chaulesi, chosafuna kugwirizana ndi chinthu china chilichonse. Komatu ofufuza ena adatulukira kuti golide akagawidwa m'tizidutswa tating'onoting'ono kwambiri amasanduka wantchito wakhama, wotha kupulumutsa anthu ku poizoni.

Chofulumizitsa n'chiyani?

Mayi akamaphika thobwa amayamba ndi phala lolimba. Phalalo likazizirako amathiramo chimera, ndipo pakapita kanthawi limasungunuka n'kuyamba kutsekemera. M'chimera muli tinthu tosaoneka timene timasandutsa ufa kukhala shuga mwamsanga. Chinthu chotere, chimene chimathandiza zinthu zina kusintha msanga koma icho osatha, chimatchedwa chofulumizitsa, kapena kuti katalisiti. Katswiri wa ku Sweden, Jöns Jacob Berzelius, ndiye adaipatsa dzina ntchito imeneyi m'chaka cha 1835.

Chofulumizitsa chili ngati nkhoswe. Nkhoswe imakumanitsa mabanja awiri kuti mnyamata ndi mtsikana amange banja, koma iyo siilowa nawo m'banjamo. Ukwati ukatha imabwerera kwawo, ndipo mawa ikhoza kukamangitsa banja lina. Mafakitale ambiri opanga feteleza, mafuta a galimoto ndi pulasitiki amadalira ankhoswe otere. Popanda iwo, ntchito imene imatha pa mphindi zochepa ikadatenga nthawi yaitali ndiponso moto wambiri.

Kuchepa kumene kumapatsa mphamvu

Chipika chachikulu chimavuta kuyaka, koma munthu akachiwaza n'kukhala tinkhuni tating'ono chimayaka mosavuta, pakuti moto ndi mpweya zimafika paliponse. Zitsulo nazo n'chimodzimodzi. Ntchito ya chofulumizitsa imachitikira pamwamba pa chitsulo, osati mkati mwake. Motero chitsulo chikagawidwa m'tizidutswa tambiri, malo ogwirirapo ntchito amachuluka.

Tizidutswa timeneti amatiyeza ndi muyeso wotchedwa nanomita. Milimita imodzi ya pa rula ikagawidwa m'magawo 1,000,000, gawo limodzi ndilo nanomita imodzi. Tsitsi limodzi la munthu n'lonenepa pafupifupi mananomita 80,000. Golide akachepa chonchi amasintha ngakhale mtundu. M'chaka cha 1857, Michael Faraday wa ku London adafotokoza za madzi amene adaikamo tizidutswa ta golide, ndipo madziwo adaoneka ofiira, osati achikasu.

M'chaka cha 1987, Masatake Haruta wa ku Osaka, m'dziko la Japan, adalengeza chinthu chodabwitsa. Iye adamwaza tizidutswa ta golide tosaposa mananomita 5 pa ufa wonga dzimbiri, n'kudutsitsapo mpweya wa carbon monoxide. Umenewu ndi mpweya wopanda fungo umene umapha anthu akagona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka. Golide uja adaukumanitsa ndi okosijeni n'kuuchotsa ululu wake, ndipo adachita zimenezi ngakhale pamalo ozizira madigiri 70 pansi pa ziro.

Poizoni wa m'fakitale

Mapaipi ambiri a madzi, magambuti ndi zokutira mawaya a magetsi amapangidwa ndi pulasitiki wotchedwa PVC. Njira imodzi yomupangira imayambira pa malasha, amene amatulutsa mpweya wotchedwa asetilini. Kuti mpweyawu ugwirizane ndi mpweya wina n'kukhala chiyambi cha pulasitiki, pamafunika chofulumizitsa, ndipo kwa zaka zambiri mafakitale ankagwiritsa ntchito mankhwala a mekyule. Mekyule ndi chitsulo chamadzimadzi chonyezimira chimene chinkaikidwa m'zipangizo zakale zoyezera kutentha kwa thupi. Ndi poizoni woononga ubongo ndi mitsempha, ndipo akatenthedwa amauluka n'kulowa mumpweya umene anthu amapuma.

Kuopsa kwake kudaonekera mumzinda wa Minamata ku Japan. Fakitale ina ya mankhwala, imene inkagwiritsa ntchito mekyule ngati chofulumizitsa, inkathira madzi ake oipa m'nyanja. Poizoniyo adalowa mu nsomba. Amphaka adayamba kudzandira ndi kufa, kenako asodzi ndi mabanja awo adayamba kunjenjemera, kulephera kuyenda ndi kuyankhula. Madokotala adazindikira nthendayi m'chaka cha 1956. Ambiri adamwalira, ndipo ana ena adabadwa olumala. N'chifukwa chake pangano limene mayiko adasaina m'chaka cha 2013 lochepetsa kugwiritsa ntchito mekyule limatchedwa Pangano la Minamata.

Kuchokera ku Modderfontein kukafika ku Cardiff

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, katswiri wa ku England, Graham Hutchings, ankagwira ntchito pa kampani ya AECI ku Modderfontein, pafupi ndi Johannesburg. Iye ankafuna chofulumizitsa choposa mekyule. Adasonkhanitsa zotsatira za zitsulo zambiri zimene ofufuza ena adayesapo kale, naziika m'ndandanda, ndipo adaona kuti zikutsata dongosolo lina lake. Dongosololo linkaloza kwa golide. M'chaka cha 1985 adasindikiza ganizo lakelo m'magazini ya akatswiri, kuti ena aliwerenge ndi kuliyesa. Pofika 1988, iye pamodzi ndi Bongani Nkosi ndi Neil Coville a pa yunivesite ya Witwatersrand adaonetsa m'labotale kuti golide amagwiradi ntchitoyo bwino.

Komabe chimene chatheka m'kabotolo ka m'labotale sichifika msanga m'fakitale. Golide ndi wodula, ndipo zofulumizitsa zoyambazo zinkafooka pakapita nthawi. Hutchings adasamukira ku yunivesite ya Cardiff, ku Wales, m'chaka cha 1997, ndipo kumeneko gulu lake lidapitiriza kufufuza mogwirizana ndi kampani ya Johnson Matthey. Adayesa njira zambiri zomatira golide pa makala apadera, mpaka adapeza njira yofuna golide wochepa kwambiri, kotero kuti woyang'ana amangoona makala akuda basi. M'chaka cha 2015 chofulumizitsa chatsopanochi chidayamba kupangidwa kuti chizigulitsidwa kwa mafakitale a ku China, dziko limene limapanga PVC wambiri kuchokera ku malasha. Kuchokera pamene ganizo lija lidasindikizidwa padapita zaka 30. Akulu adanenadi kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ofufuzawo sadalekere pomwepo. M'chaka cha 2017 adalengeza kuti m'chofulumizitsa chimenechi ntchito imagwiridwa ndi maatomu a golide okhala payekhapayekha. Atomu ndiko kachidutswa kotsiriza ka chitsulo, kochepa kuposa nanomita imodzi. M'chaka cha 2021 gulu lomweli lidaonetsanso kuti tizidutswa ta golide tosakaniza ndi chitsulo china chotchedwa palladium tikhoza kuthandiza kupha tizilombo ta m'madzi. Umu ndi mmene labotale imaberekera zipatso zake: funso limodzi likayankhidwa, zopezazo zimalembedwa poyera, ndipo pamabadwa funso lina.

Nkhondo yolimbana ndi mekyule sinathe. Okumba golide m'migodi ing'onoing'ono ku Zimbabwe ndi m'mayiko ena amamugwiritsabe ntchito pokola golide mumchenga, kenako n'kumuotcha pamoto. Utsi wake ndi woopsa, makamaka kwa ana ndi amayi oyembekezera, ndipo mwana sayenera kuuyandikira kapena kugwira mekyule ndi manja. Njira zotchipa zochotsera poizoniyu m'migodi yotere zikufunikabe. Amene angazipeze akhoza kukhala mmodzi mwa zidzukulu za amuna aja amene adatsikira m'migodi ya ku Joni, amene lero ali m'kalasi akuphunzira kuwerenga milimita pa rula.

Mafunso

1. N'chifukwa chiyani akatswiri ankayesa golide chitsulo chaulesi?
2. Fotokozani kufanana kwa chofulumizitsa ndi nkhoswe.
3. Kodi mu milimita imodzi muli mananomita angati?
4. Kodi mekyule adafika bwanji m'matupi a anthu a ku Minamata?
5. Tchulani zinthu zitatu zopangidwa ndi PVC zimene zimapezeka pakhomo.
6. Kodi mwambi woti "kuona maso a nkhono n'kudekha" ukugwirizana bwanji ndi ntchito ya Graham Hutchings ndi anzake?
7. Funsani akuluakulu a kwanu mmene amakonzera chimera, ndipo mulembe ziganizo zisanu zofotokoza ntchitoyo.