Chinangwa cha pa Likoma

Alendo amapita pachilumba cha Likoma, pa Nyanja ya Malawi, kukasambira, kukapuma pamchenga ndi kukaona tchalitchi chachikulu cha St Peter, chimene anayamba kumanga mu 1903. Eni chilumbacho amalimbana ndi nthaka yamchenga ndi miyala, pamene chimanga sichibereka bwino. Motero amadalira chinangwa. Amachiviika m'madzi masiku angapo kuti kuwawa ndi poizoni zichoke, amachiyanika padzuwa, kenaka amachisinja ndi kuphika kondowole wodyera usipa.

Chinangwa chimapirira dzuwa, ndipo chimadikira m'nthaka kufikira nthawi ya njala. Ife a ku Petauke ndi Nyimba, amene tinaona chimanga chikupserera m'chilala cha 2024, tipatule kagawo ka munda chaka chino, tibzalemo chinangwa.