Bambo John Gray Kufa: Sing'anga Wogwira Khasu

Amayi, mukapita ndi mwana kusikelo nimulandiridwa ndi dokotala wa mtundu wathu, dziwani kuti kale zoterezi kunalibe. Mpingo wa Church of Scotland, umene unatsegula mishoni ya kuno ku Domasi m'chaka cha 1884, ndiwo unaphunzitsa Bambo John Gray Kufa zachipatala ku Blantyre. M'busa David Clement Scott anawasankha kukhala mmodzi mwa madikoni asanu ndi awiri oyamba achikuda. Anachiza odwala, natumidwanso kukayamba ntchito pakati pa Alomwe, cha kumalire a Mozambique. Luso analidi nalo, koma udindo wawo sunapitirire pa wothandizira dokotala wachizungu.

Pambuyo pake anagula maekala 140 ku Nsoni, m'boma la Chiradzulu, nalima, naweta ng'ombe. Munthu wa munda wotere, ndani akanaganiza kuti angautaye? Komatu mu 1915 analowa nkhondo ya John Chilembwe, ndipo atsamunda atawagwira anawapha. M'busa Alexander Hetherwick, amene anayambitsa Domasi, anakaima pamaso pa bungwe lofufuza za nkhondoyo, kuyankha azungu amene ankati sukulu za mishoni ndizo zaononga anthu.