Mlendo akavulala pa Phiri la Zomba, wogulitsa ulendo sangazembe mlandu

Zomba, Mana: Anthu ambiri amene amakachita misonkhano ya boma ku Zomba samabwerera kwawo asanakwere phiri kukaona mathithi a Williams, damu la Mulunguzi, Dzenje la Chingwe kapena Emperor's View, pomwe anaimapo mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia mu 1965. Malowa ndi okongola koma ali ndi maphompho, ndipo m'nyengo ya dzinja miyala yake imaterera.

Kawirikawiri ulendo wotere umagulidwa ku kampani imodzi, koma galimoto imakhala ya munthu wina ndipo wolondolera njira amakhala mnyamata waganyu. Ngozi ikachitika aliyense amaloza mnzake chala.

Lamulo limayambira pa mgwirizano. Munthu akalipira ndalama, kampani imakhala italonjeza kugwira ntchitoyo mosamala ndi mwaluso, ngakhale mawuwo sanalembedwe. Funso lomwe khoti limafunsa ndi lakuti: kodi kampaniyo inalonjeza kupereka ulendo wonse, kapena inangolumikiza mlendo ndi eni galimoto?

Mlandu wotchuka pa nkhaniyi ndi wa Wong Mee Wan, womwe khoti la Privy Council ku London linagamula mu 1995. Mtsikana wa ku Hong Kong anamira pa nyanja ina ku China boti lomwe anakwera litawombana ndi chombo china. Woyendetsa botilo sanali wantchito wa kampani yomwe inagulitsa ulendowo, komabe khoti linati kampaniyo ilipire chifukwa kuwoloka nyanjako kunali mbali ya ulendo womwe inalonjeza. Chigamulochi sichimanga makhoti a m'dziko muno, koma poti malamulo a Malawi a mgwirizano anachokera ku England, oweruza atha kuchiganizira. Tanthauzo lake ku Zomba ndi lomveka: kampani yomwe yalemba pa pepala lake kuti ulendo ukafika ku Dzenje la Chingwe siingadzabisale kumbuyo kwa dalaivala yemwe inamubwereka m'mawa womwewo.

Makampani ena amasainitsa alendo fomu yonena kuti akuyenda mwa kufuna kwawo ndipo kampani siidzakhudzidwa ndi chilichonse. Ambiri amasaina osawerenga, galimoto italiza kale. Lamulo loteteza ogula la Consumer Protection Act la mu 2003 limapatsa wogula ufulu wotetezedwa pa umoyo wake, wouzidwa zoona pa nthawi yake, komanso wolandira chipukutamisozi chokwanira akapwetekedwa. Limatinso mawu a mu mgwirizano wokonzeratu akakhala osamveka, awamasulire mokomera wogula. Choncho siginecha payokha siichotsa mlandu pa kampani yomwe yanyamula anthu pa galimoto yopanda mabuleki abwino.

Madandaulo a ogula amapitanso ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lomwe lamulo latsopano la mu 2024 linalipatsa mphamvu zolipiritsa makampani chindapusa. Koma chipukutamisozi cha kuthyoka mwendo, ndalama za kuchipatala ndi malipiro otayika chimagamulidwa ndi khoti, ndipo mlandu wa kuvulala uyenera kukalowa pasanathe zaka zitatu. Ngozi ikakhala ya pamsewu, lamulo la Road Traffic Act limalola wovulala kusumira mwachindunji kampani ya inshulansi ya galimotoyo.

Izi sizitanthauza kuti kampani imalipira ngozi iliyonse. Phiri ndi phiri. Munthu amene wachenjezedwa koma n'kusendera dala m'mphepete mwa phompho kuti ajambulitse, khoti litha kumudulira chipukutamisozi molingana ndi kusasamala kwake.

Kwa ogwira ntchito m'boma pali mfundo inanso. Ulendo ukakhala pa ndondomeko ya msonkhano, wovulala atha kunena kuti anavulala ali pa ntchito, ndipo nkhaniyo ingafike pa lamulo la Workers' Compensation Act la mu 2000. Ukakhala wongopangana anthu ataweruka, mfundoyo imavuta kuitsimikiza. N'chifukwa chake mkulu wokonza msonkhano amayenera kusunga lisiti, kalata yosonyeza malo onse okaonedwa ndi dzina la kampani yomwe yalandira ndalama, komanso kuona chiphaso chake ndi inshulansi ya galimoto anthu asanakwere.