Kubetcha pa masewera ogwetsana: wopambana amadziwika kale

Kuyambira pa boma la Mzimba mpaka ku Manyamula, masewera ogwetsana a WWE ali ndi owakonda ambiri pa kanema. Poti kubetcha kunalowa m'mafoni, ena amafunsa ngati pali njira yophera makwacha pa masewerawa.

Choyamba, wopambana amasankhidwiratu ndi akuluakulu a kampaniyo. Mu 1989, eni ake anavomera pamaso pa aphungu a ku New Jersey, m'dziko la America, kuti masewerawa ndi chisangalatso chabe, osati mpikisano weniweni. Choncho mphamvu ndi mbiri ya katswiri sizimuthandiza wobetcha. Mu 2014, The Undertaker, yemwe anali atapambana maulendo 21 osagonjako pa WrestleMania, anagwetsedwa ndi Brock Lesnar.

Chachiwiri, kampani ya juga imadyeratu gawo lake. Ikaika maodi a 1.90 mbali zonse ziwiri, anthu awiri n'kubetcha K1,000 aliyense motsutsana, imatolera K2,000 koma imalipira K1,900 yokha.

Motero njira yodalirika ndi kudziikira malire. Ndalama ya feteleza kapena ya fizi isapite ku juga, ndipo woluza asabetchenso pofuna kubweza zimene zatayika.