Apudeti yausiku inatiwoletsa tomato pa Jenda

Kunali kusanache bwino pamene mlamu wanga anandiimbira foni ali pa Jenda, m'dera la Champhira kummwera kwa boma la Mzimba. Mawu ake anali ngati a munthu wobwera ndi uthenga wa maliro. "Alamu, tsamba lija lafa! Wa ku Lilongwe uja akuti akatsegula akungoona poyera ngati ufa."

Inu amene mumapikula tomato, anyezi ndi kachewere pa Jenda mukudziwa kuti malonda amenewa sadikira munthu. Mlamu wangayo ndi anzake anasonkherana n'kutsegula tsamba la pa intaneti loikapo mitengo ya tsiku limenelo. Ogula a ku Lilongwe ndi ku Mzuzu ankaoda pomwepo, kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba, katundu n'kukwera lole pa msewu wa M1. Anawakonzera tsambalo ndi mnyamata wina wa kwawo komweko, pogwiritsa ntchito WordPress. Kenaka mnyamatayo ananyamuka ulendo wa ku Joni, monga achitira anyamata ambiri a ku Mzimba. Pochoka anatchera kuti chilichonse pa tsambalo chizidzipanga apudeti chokha.

Apudeti ndiye chiyani? Ndi zigamba zimene eni pulogalamu amatumiza kuti atseke mabowo ndi kukonza zolakwika. WordPress inayamba kudziika yokha zigamba zing'onozing'ono za chitetezo mu 2013. Mu 2020 inaloleza kuti mapulagini, tizipangizo towonjezera ngati kolandirira maoda, tizidzisinthanso tokha mwini akafuna.

Usiku umenewo kachipangizo ka maoda kanasintha, koma chovala cha tsambalo chinali chakale, ndiye ziwirizi zinakanana. Mnyamata uja anamupeza patapita masiku atatu. Pofika nthawiyo tomato wangongole anali atayamba kutuluka madzi m'madengu, ndipo anamugulitsa motaya kwa aliyense wodutsa. Mlamu analumbira kuti apudeti sadzaifunanso m'moyo mwake.

Ine ndinamuuza kuti alamu, dekhani, mungathawe mvula n'kukagwera m'chitsime. Mu Meyi 2017 kachilombo ka pa kompyuta kotchedwa WannaCry kanagwira makina m'maiko oposa 150, mpaka zipatala zina za ku Britain kubweza odwala. Chomvetsa chisoni n'chakuti kampani ya Microsoft inali itatulutsa kale chigamba chake mu Malichi chaka chomwecho. Analira ndi amene sanachiike. Ndipo tisamati zimenezi n'za kwa azungu. Mu Febuluwale 2024 Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa kompyuta alowa m'makina a mapasipoti ndipo akufuna dipo. Ku Mzimba kuno, kumene pasipoti ndi khasu, anthu anaimva nkhaniyo mpaka m'mafupa. Ngati mbava zimagogoda kuboma, kulibwanji pa katsamba ka tomato? Zikalowa zikhoza kuchotsa nambala yanu yolandirira ndalama n'kuikapo yawo, kasitomala n'kumalipira wakuba, dzina loipa n'kukhala lanu.

Komatu mlamu naye ali ndi mfundo. Pa 19 Julayi 2024 kampani ya ku America ya CrowdStrike inatumiza apudeti yolakwika imene inalowa yokha m'makompyuta. Microsoft inati makina pafupifupi 8.5 miliyoni anakhudzidwa. Ndege zinalephera kunyamuka, mabanki ena anaima. Apa panalibe wakuba ayi, anagwetsa nyumba ndi mlonda yemwe. Walira mvula walira matope.

Nanga titani ife a geni? Nditafunsafunsa kwa odziwa, poti safunsa anadya phula, ndinapeza kuti nkhani si kutseka zonse kapena kutsegula zonse. Zigamba zing'onozing'ono za chitetezo zisiyeni zizilowa zokha, chifukwa wakuba sadikira kuti mumalize kuwerenga ndalama. Koma kusintha kwakukulu, makamaka kwa kachipangizo ka maoda ndi malipiro, chitani nokha masana, tsiku limene malonda ali ozizira, wodziwa ali pafupi. Musanakhudze kanthu sungani kope la tsamba lonse, kuti zikavuta mubwerere pomwe munali dzulo. Mukatha, tsegulani tsambalo pa foni ya mnzanu muone ngati oda ikudutsa. Mapulagini amene simuwagwiritsa ntchito chotsani, ndi zitseko zongoitana mbava. Ndipo mfungulo, ndikunena pasiwedi, isakhale m'thumba la munthu mmodzi amene mawa akhoza kuwoloka Beitbridge.

Ngakhale inu amene mulibe tsamba, mumangogulitsa pa WhatsApp ndi Facebook, nkhaniyi ikukukhudzani. Foni ikamadzipanga apudeti pa bandulo yanu mudzadabwa yatha musanatumize chithunzi ngakhale chimodzi. Itchereni kuti izichita zimenezi pa Wi-Fi, kapena muzichita nokha mukagula bandulo yokwanira, koma osangozisiyiratu.

Tsamba la mlamu linadzuka. Ngongole ya tomato uja anaibweza pang'onopang'ono, ndipo pasiwedi tsopano ili ndi anthu atatu. Lachiwiri lililonse masana amakhala pansi ndi mwana wake wamkazi wa Fomu 4, kusunga kope, kenaka n'kudina. Akuti chala chimanjenjemerabe.