Miyendo Ikamawawa Popita Kudimba

Akuluakulu ambiri a ku Bangwe ndi Ndirande dandaulo lathu n'limodzi: ukayenda pang'ono akatumba amawawa, ukaima ululu umatha. Timangoti ndi ukalamba, chonsecho nthawi zina ndi mitsempha ya magazi ya m'miyendo imene yayamba kutsekeka, makamaka kwa osuta fodya, odwala shuga ndi BP.

Choopsa n'kungokhala pakhonde, chifukwa miyendo imafookeratu, dimba n'kusanduka tchire. Madokotala amalangiza kuyenda mphindi 30, katatu pa sabata. Ululu ukakula tipume, ukatha tipitirize. Ulendo wa kumzikiti uwerengedwe momwemo. Fodya timusiye.

Pochita wudhu tiziyang'anitsitsa mapazi. Tikaona bala losapola, phazi lozizira kapena ululu wa usiku, tithamangire ku Gulupu tisanataye mwendo. Thupili ndi amana yochokera kwa Allah, abale.