Bwanji mpweya umaperewera pothamanga ku Tsangano?

Mnyamata wina wa mumzinda wa Tete anandifunsa chifukwa chomwe amapumira wefuwefu akamathamanga m'mawa ku Tsangano, pomwe kwawo m'mbali mwa Zambezi satopa msanga. Ambirife timanamizira kuzizira, koma gwero lake ndi kukwera kwa malo.

Tsangano ndi Furancungo, likulu la Macanga, ali kumapiri. Mpweya wakumeneko uli ngati phala lamadzimadzi: umamwa lambiri koma osakhuta. N'chifukwa chake mtima umagunda mofulumira. Pakapita milungu ingapo, thupi limaonjezera mphamvu ya magazi yonyamula mpweya, munthu n'kuzolowera.

Choncho, achimwene, yambani pang'onopang'ono m'tinjira ta m'mbali mwa dambo, kopanda zitunda. Zikweza za kuminda ya kachewere mudzalimbane nazo thupi likazolowera.